Chifukwa Chake Kaduwa Koyera Kamazyolika

Inu ana a Esinala, dzulo ndinakuonani kuseri kwa nyumba mukudzutsa mitu ya timaluwa tanga toyera, ati tiyang'ane kumwamba. Tina mwathyola. Amayi anu ndawauza kale, pamodzi ndi za lichero langa lija sanabwezebe. Koma timaluwato musavutike nato, sitidzadzuka. Imvani.

Kale, zomera zikadali ndi pakamwa, kaduwa aka kanali kodzimva. Kankatuluka nthawi ya chisanu udzu wonse utauma, n'kuyang'ana kumwamba ngati kambale kolandirira mame. Chisanu chikatha masamba ankafota, timitu take tonga anyezi n'kugona m'dothi. Pamwamba poyera, ngati palibe kanthu.

Wosunga mbewuyo anali a Nachisale. Anailandira kwa amayi awo, amayi awonso kwa amayi awo, ndipo anaibzala pamthunzi wa mpoza, pomwe anakwirira michombo ya ana awo onse.

Mwana wawo Ndaziona anakwatiwa ndi Chidzanja, mnyamata wa kutsidya, amene anadzakhala chikamwini. Nthawi imeneyo mkamwini sankalankhulana ndi apongozi aakazi. Akakumana panjira ankapatukira kutchire. Chomulankhulira chinali khasu basi. Tsono Chidzanja, pofuna kutamidwa, tsiku lina anthu ali kumaliro anatenga khasu n'kugalauza kuseri konse. Atafika pampoza anafukula timitu tija.

"Udzu wa dawe wonsewu!" anatero. "Pakhomo pano panalibedi mwamuna."

Anatiunjika ndi zinyalala n'kutentha. Akanangofunsa mkazi wake, ana inu. Sanafunse.

A Nachisale pobwera anangokhala pansi, dothi lili m'manja. Kenako anaitana mwana wawo. "Ndaziona, tawafunsa a m'nyumba mwakomo. Wakumba pano ndani?"

Ndaziona, amene anali ndi pakati, analowa m'nyumba. "Abambo, ndinu? Amayi anapirikitsa mwamuna wa achemwali chifukwa cha mtondo wosweka. Nanji izi, mbewu ya agogo!"

Chidzanja anaona njira ya kwawo ili pululu, iye atanyamula kamphasa, mwana wake osamuona. Lilime linaterereka.

"Kawauze kuti ndapeza nkhumba itafukula kale. Ine ndangosalaza."

Nkhumba pakhomopo inali imodzi, yaikazi, ya a Nachisale omwewo. M'mawa mwake inaphedwa. Ndipo mwendo wonse unapita kwa Chidzanja, ati wathandiza kusalaza. Anadya. Koma nyama ija inakhala apa, pakhosi, miyezi yonse ya dzinja.

Chisanu chitabweranso, pampoza panatuluka kaduwa kamodzi kokha, kochokera pakamutu kamene khasu linangokatema mbali. A Nachisale anagwada pafupi nako. Chidzanja anali chapatali akumanga nkhokwe, atawalozetsa nkhongo monga mwa mwambo. Ndaziona anali pamtondo, khanda lili kumsana.

"Mwana wa amayi anga," anatero a Nachisale, "watsala wekha. Tandiuza, abale ako inawadyadi ndi nkhumba?"

Kaduwa kanayang'ana mayi amene ankakathirira madzi chilimwe chonse. Kanayang'ana khanda lija. Kanayang'ana msana wa mwamuna amene anakatema. Kunama sikankadziwa. Kunena zoona, ndiye kuti mwana akula wopanda bambo. Kanachita manyazi amene mwini wake anayenera kuchita kalekale, ndipo pang'onopang'ono kanatsitsa mutu. Mame onse anakhuthukira pansi.

Chidzanja anacheuka, n'kuona kanthu kakang'ono ngati chala kakumusenzera katundu wake. Luzi linagwa m'manja. Anagwada pomwepo, nkhope m'dothi.

"Ndaziona," anatero ndi mawu osamveka bwino, "kawauze amayi kuti nkhumba ija inafa pachabe. Ndinali ine, ndi khasu. Mwendonso ndinadya."

Ndaziona sanapite kukanena. A Nachisale anali atamva okha. Chidzanja analakalaka akanangomulalatira. A Nachisale analankhula, osati kwa iye, koma kwa kaduwa.

"Uwauze awo kuti sindiwapirikitsa. Akapita, andibwezera ndani? Chaka ndi chaka, maluwa akangoyoyoka masamba asanafote, azikumba ndi zala, khasu ayi. Azigawa timitu, azibzala atagwada, mpaka mthunzi wonsewu udzaze. Za nkhumba tidzakambirana padera."

Chidzanja anabzala mpaka imvi. Pampoza panayera mbuu, anthu a midzi ina n'kumadzapempha mbewu. A Nachisale atakalamba anakwawira pamenepo n'kuti, "Dzukani tsopano, ana anga, zinatha." Koma palibe kamene kanadzuka. Manyazi ako umatha kuwatula ukapepesa. Ochitira mnzako ulibe powatula.

Ndi chifukwa chake lero kaduwa aka kamatuluka katazyolika, ndipo sikayankhanso munthu ngakhale ukafunse chotani. Ndi chifukwa chakenso wobzala amagwada, khasu n'kulisiya kukhonde.

Tsono inu amene mwathyola, ndikuonani mwazyolika. Zili bwino. Masamba asanafote mubwere, ndi zala zanu.