Makina Amene Anadikira Mwini Wake

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, wa ku Salima chakumtunda, kumene mango amagwa okha n'kuwolera pansi mpaka nkhumba kutopa nawo. Anapita ku Joni ali mnyamata, ndipo imvi zoyamba zinamupeza ali komweko.

Ntchito yake inali yowotcherera zitsulo m'fakitale ina yaing'ono. Eni fakitaleyo anali achinyamata ophunzira, a mitu yosagona, oti tsiku lililonse ankadzuka ndi nzeru yatsopano. Ankapanga makina oumitsira zipatso oyendera dzuwa: bokosi lalitali ngati kabati, la mathireyi m'kati, galasi la sola pamwamba, ndi kafani kotulutsa chinyezi. Ukaikamo mango osenda lero, mawa lake umatulutsa ouma, ofiirira bwino, oti n'kukhala miyezi osawonongeka.

Yotamu ankakhala yekha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwini malo. Anali ndi mbale imodzi, kapu imodzi, mpando umodzi. Lamlungu ankachapa, n'kukhala pakhomo kumayang'ana zovala zake zikuuma. Odutsa mumsewu ankacheza m'zinenero zawo. Iye ankazimva ndithu zinenerozo, koma nthabwala zake sizinkamufika pamtima. Ankasungulumwa kwambiri, ndipo sankauza munthu.

Chimene chinkamutonthoza chinali kutumiza katundu kumudzi, kwa mlongo wake Elube, amene anatsala pakhomo la makolo. Matransipota onse, aja onyamula katundu wopita kumudzi, ankamudziwa Yotamu. Lero malata, mawa matiresi, mkuja wailesi. Koma mkuluyu anali ndi kachilema kake: chinthu chikachoka m'manja mwake, mtima unkatsala utachigwirabe. Tisamuweruze msanga. Katundu wogula ndi thukuta la kuchilendo amawawa.

Chaka china anatumiza njinga yamoto kuti mlamu wake, mwamuna wa Elube, azichita kabaza. Mvula itagwa, mlamuyo anaterereka nayo pamatope. Chotchingira matope chinapindika, galasi limodzi linasweka, mlamuyo ananyuka bondo. Yotamu ataona chithunzi pafoni, za bondo sanafunse n'komwe. Analalata mpaka mayunitsi kutha. Analamula kuti njinga itsekeredwe m'nyumba, kenaka anakhala chaka chathunthu osaimba foni. Wolangidwa kwenikweni m'chakacho anali iye mwini, chifukwa padziko lonse nambala ya Elube ndi yokhayo imene inkamutchula kuti achimwene. Atatopa ndi zii wa m'kachipinda kake anayambanso kuimba, koma nkhani ya njinga sanaitchule, ndipo kupepesa sanapepese.

Tsiku lina kufakitale kunabwera mayi wina wa komweko, mwini kampani yogulitsa zipatso zouma m'masitolo akuluakulu. Anthu ankaitanitsa katundu wake pafoni, iye n'kumawatumizira mpaka pakhomo. Vuto lake linali loti mango ankamuchepera. Atamva kuti wowotcherera uja ndi wa ku Malawi, anamufunsa ngati kwawoko mango amapezeka. Yotamu anaseka, kuseka kwake koyamba m'miyezi yambiri, n'kunena kuti kwawo mango amachita kuwaponda.

Mayiyo sanaseke. Anati ngati zili choncho, apangane. Iye athandizapo kugula makina amodzi, Yotamu awatumize kwawo, abale ake aumitse mango a chaka chomwecho. Akabweretsa makatoni oyamba nyengo ya mango isanathe, ndipo katunduyo akakhala wabwino, mayiyo adzawonjezera makina ena, adzayendetsa yekha mapepala a pachipata cha m'malire, ndipo Yotamu adzabwerera kumudzi kukayang'anira ntchito yonse. Koma anamuchenjeza kuti masitolo sadikira munthu. Nyengo ikadutsa, iye adzayang'ana kwina.

Apa Yotamu anaona njira yobwerera kwawo, osati ngati mtchona wobwera ndi chikwama chokha, koma ngati munthu wa ntchito m'manja. Makinawo anawawotcherera yekha. Anawapaka penti yoyera, n'kuwapukuta mpaka kumadzionera nkhope. Tsiku lokweza pa lole ya transipota anaima pamsewu mpaka loleyo itakhota.

Makina anafika bwino mango akuyamba kupsa. Yotamu anaimba foni, n'kufotokozera Elube zonse: kasendedwe, kadulidwe, kayalidwe pa mathireyi. Anafotokoza momveka. Koma pa mawu aliwonse a ntchito ankawonjezerapo atatu a chenjezo. Galasi lisakandike. Fani musaigwire ndi manja onyowa. Ana asayandikire. Chitseko musamenyetse. Mukudziwa mmene ndavutikira?

Elube anati wamva, ayamba sabata yamawa.

Sabata yamawa inafika. Yotamu anaimba, ndipo funso lake loyamba linali lakuti kaya penti sinasupuke panjira. Elube anati sinasupuke, ndipo ayamba mvula ikangopumira. Mvula inapumira. Anati akudikira mipeni yabwino. Mipeni inagulidwa. Anati mlamu wapita kumaliro. Mango a kalisere anapsa n'kutha, a maboloma anayamba kugwa, makatoni osaoneka. Mayi wa kampani uja ankafunsa, Yotamu n'kumangoti zili m'njira. Akaweruka ankakhala pa mpando wake umodzi uja, foni ili m'manja, mtima ukuwira. Anatsimikiza kuti abale ake ndi aulesi, anthu ozolowera kulandira. Mawu ake pafoni ankakwererakwerera, ndipo a Elube ankacheperachepera, mpaka anatsala "inde achimwene" yekha.

Pomaliza anapempha tchuthi n'kukwera basi. Ulendo wonse, kudutsa zipata zonse, ankakonza mawu oti akawalalatire. Anawasanja bwinobwino, oyamba ndi omaliza.

Anafika masana. Fungo la mango owola linamulandira asanaone nyumba. Pansi pa mitengo panali nyansi zachikasu ndi ntchentche, m'mwamba mutatsala owerengeka. Elube anatuluka, anamulandira chikwama, anagwada n'kumupatsa moni. Anali ataonda. Yotamu sanakhale pansi. Anafunsa kumene kunali makina.

Anamutsogolera kuseri. Kumeneko anapeza kanyumba katsopano, ka njerwa zowotcha, kofolera ndi malata amene iye anatumiza kuti akhale a khitchini. Pansi anathira simenti. Pachitseko panali loko, kiyi wake ali pachingwe m'khosi mwa Elube. M'katimo makina anaima pakati, atafunditsidwa chitenje chatsopano, pulasitiki ya kufakitale isanachotsedwe n'komwe pagalasi. Panalibe fumbi ngakhale la mankhwala. Pambali pake panaima njinga yamoto ija, yowongoledwa, yopukutidwa, matayala ataphwa chifukwa chokhalitsa.

Yotamu anatsegula pakamwa kuti ayambe mawu ake aja. Koma maso ake anagwa pa lichero limene linali pakona. Munali zidutswa za mango zakuda, zankhungu, zodulidwa ndendende monga iye anafotokozera pafoni. Mlamu wake, ataima pakhomo chipewa chili m'manja, ananena motsitsa mawu kuti Elube wakhala akuphunzira kudula masiku onsewa, n'kumayanika pa lata padzuwa, kuti dzanja lizolowere asanakhudze makina. Zonse zinkawola ndi chinyezi. Elube ankataya n'kuyambanso.

Ulesi sudula mango nyengo yonse. Yotamu anazindikira zimenezo, ndipo mawu onse a m'basi aja anamuthawa. Anangofunsa kuti nanga bwanji sanayatse makinawo.

Elube anayang'ana pansi. "Achimwene, njinga ija inangopindika chotchingira matope, inu munakhala chaka osatiyankhula. Mayi anamwalira, bambo anamwalira, ndatsala ndi inu nokha. Ndimati ndikatsegula chitseko ichi, ndimachitsekanso. Mango akawola, chaka chamawa abereka ena. Nanga ichi chikawonongeka m'manja mwanga, mchimwene wina ndikamupeza kuti?"

Mawu amenewa anamufika Yotamu pamtima. Zinamupweteka, ndipo anachita manyazi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti wosungulumwa ndi iye yekha, uko kuchilendo. Sankadziwa kuti mlongo wake nayenso ankakhala yekha pakati pa katundu woti sangamukhudze, akulondera zitsulo kuti foni isasiye kulira.

Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kutola msomali umene amisiri anasiya pawindo. Anavundukula chitenje chija. Anang'amba pulasitiki. Ndipo pa chitseko choyera chija, chimene anachipukuta yekha ndi manja ake ku Joni, anakanda mzere wautali kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chitsulo chinalira mopweteka m'makutu. Elube anagwira pakamwa.

"Ndawononga ndine," anatero Yotamu. "Tsopano ndi akale. Chimene chidzawonongeke mawa chidzangotsatira changachi. Mlamu, tiyeni tinyamule tikawaike padzuwa."

Anawatulutsa. Anathyola mango otsala aja, ndipo Elube anadula, dzanja lake likuyenda mwaluso loti ngakhale a kufakitale akanaima kuonerera. Thireyi yoyamba inapsererako chifukwa anaiwala kutsegula potulukira mpweya. Onse awiri anayang'ana Yotamu. Iye anatola chidutswa chopserera, anatafuna, n'kunena kuti ayesenso. Yachiwiri inatuluka bwino. Koma mitengo inali itatha. Zonse zimene anaumitsa zinangokwana kajumbo kamodzi.

Kajumbo komweko ndi kamene anabwerera nako ku Joni. Mayi wa kampani analawa, anagwedeza mutu, anati mango otere sanawalawepo. Koma anati makatoni a chaka chino watenga kale kwa anthu ena a dziko lina. Anati Yotamu adzayesenso nyengo ikubwerayo, ngati malo adzakhalepo. Mayiyo sanalonjeze kanthu.

Choncho munthu uja anabwerera m'kachipinda kake, ku mbale yake imodzi ndi mpando wake umodzi, chaka china chathunthu chili patsogolo pake. Mtengo wa ukali wake unali umenewo, ndipo anaulipira yekha.

Lamlungu lina, akuyang'ana zovala zake zikuuma, foni inalira. Anali Elube. Zaka zonsezi woimba ankakhala Yotamu. Aka kanali koyamba mlongo wake kuyamba yekha. Anati poti mango kulibe, akuyesa nthochi ndi tomato, ndipo amayi anzake awiri akumuthandiza. Kenaka mawu ake anatsika. Anati thireyi imodzi yathyoka.

Yotamu anamva ukali wakale uja ukubweranso. Anaumeza. Anafunsa kuti, "Nanga nthochizo zauma bwanji?"

Elube anayankhula mpaka mayunitsi ake kutha.

Inu amene mwakhala pano kumvetsera nkhaniyi, ambiri mwa inu muli ndi mwendo umodzi kumudzi, wina kutsidya kwa chipata, kuchilendo. Mukuona misika ikutseguka kumeneko, mukuona makina atsopano ndi anthu ofuna kuika chuma chawo pa zokolola zathu, ndipo mukufuna mwayi umenewo ufike kwanu. Mukuchita bwino. Koma lole ya transipota imanyamula makina okha. Chilolezo choti munthu alakwitse pophunzira sichikwera lole, chimachokera pakamwa panu. Amene mwamutumizira katundu akamaopa inu kuposa mmene akufunira phindu, adzakusungirani chuma chanu chili chonyezimira, ndipo nyengo idzadutsa. Musanafunse ngati penti yasupuka, funsani za bondo. Ndipo ngati kwanu kuli kanyumba kokiya kumene zinthu zanu zikudikira mwini wake, musadikire kuti mango athe. Imbani lero, muwauze atsegule.