Dzina la Mwana wa Ndaziona

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli pamene anthu ankayenda atamanga kansalu pakamwa ndi pamphuno, panali koleji ina ya aphunzitsi m'tsinde mwa phiri. Pakolejipo pankaphunzira mayi wina wachitsikana dzina lake Ndaziona. Anali m'chaka chomaliza, mwamuna wake anali kumudzi, ndipo iye anali ndi pakati. Inali mimba yoyamba, yaikulu kale moti pa desiki ankakhala chammbali.

Chaka chimenecho kunagwa mliri wa chifuwa chobanikitsa. Akuluakulu a koleji anatseka geti, nati aliyense amene ali mkati akhale momwemo mpaka mayeso atatha, chifukwa kubalalitsa ophunzira kukanakhala kugawira matenda midzi yonse. Moni wa m'manja unaletsedwa, kwaya inaleka, pakhomo pa kalasi iliyonse panaikidwa ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo kodyera anthu ankakhala motalikirana ngati ayambana. Wopezeka ndi matendawa ankamusunga payekha m'nyumba yakale yophunziriramo zosoka, kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo mayeso ankamudutsa, ankayenera kudzabwereza chaka. Ndiye mukudziwa ana a sukulu. Ambiri akamva thupi kutentha ankangoti zii, kumamwa jinja ndi mandimu, kumadzifukiza masamba a bulugamu atafunda bulangete, n'kumati ndi kachimfine chabe.

Ndaziona ankagona chipinda chimodzi ndi mnzake wa pamtima, Mwatitha. Awiriwa ankadyera mbale imodzi kuyambira chaka choyamba, ndipo lamulo la mliri silinawalekanitse: ankatenga chakudya chawo n'kukachiphatikiza kuchipinda. Tsono mimba ija inali ndi nkhuli yakeyake, inkafuna bwemba. Ndaziona anadandaula za bwemba m'mawa, masana, mpaka Mwatitha anatopa nazo. Tsiku lina anadutsa pabowo la mpanda kuseri kwa khitchini n'kupita kumsika. Anabwerako ndi bwemba wodzaza jumbo, komanso ndi chinthu china chimene sanachione.

Patapita masiku, Ndaziona anadzuka n'kupeza mnzake ataima pakhomo, kansalu kali kumaso, chikwama chili m'manja.

“Usandiyandikire, Ndazi,” anatero Mwatitha. “Sopo sindikumumva fungo. Ndapita kukhitchini komwe akukazinga usipa, nakonso palibe chimene ndamva.”

Pakoleji ponse panalibe wosadziwa tanthauzo la chizindikiro chimenecho. Ndaziona anachita mantha, koma mantha ake oyamba anali a mnzakeyo.

“Khala chete iwe! Thupi silikukupweteka. Mayeso ayandikira, kwanu akudikira mphunzitsi.”

“Kwathu adikira chaka china. Ali m'mimbamo ndiye sangadikire.”

Mwatitha anapita yekha kwa namwino wa pakoleji. Sanabise kanthu. Ananena za bowo la mpanda, ananena za mbale imodzi, anatchulanso onse amene anakhala nawo pafupi. Bowo lija linatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo anyamata amene ankadutsirapo pokafuna zakumwa anamutcha kazitape. Anzake amene anawatchula anasiya kumuyankha pafoni. Mtsikanayo anataya chaka, anataya ndi abwenzi, thupi lake lili bwinobwino. Koma chifukwa cha iye Ndaziona anayezedwa msanga, napezeka nawo matendawo asanayambe n'kutsokomola komwe, ndipo namwino anayamba kumuyang'anira usana ndi usiku.

Woyang'anira mahositelo a atsikana anali Mayi Gomani. Ophunzira ankawatcha a Loko, ndipo kunena zoona dzinalo linkawakhala, chifukwa kuseka kwawo kunali kosowa. Mliri utangoyamba, iwo ndi amene analetsa ophunzira kupita kumaliro. Pasanapite nthawi mchimwene wawo weniweni, wobadwa nawo bere limodzi, anamwalira. Aliyense anati tione tsopano. Mayi Gomani sanapite. Anakhala pampando pafupi ndi geti, foni ili kukhutu, kumvetsera nyimbo za kumanda, misozi ikunyowetsa kansalu kawo. Abale awo anati maphunziro awapengetsa, ndipo ena mpaka lero sawapatsa moni.

Mbiri ya matenda a Ndaziona itafika kumudzi, mwamuna wake Lonjezo anabwera ndi apongozi ake, mayi a Ndaziona, pamodzi ndi azakhali. Anaima pageti n'kunena kuti mimba yoyamba sichirira kwa alendo, mwana wawo apite kwawo akamusamale okha. Ophunzira atamva phokoso anatuluka ndi zikwama, kudikira kuti geti likangotseguka nawonso athawe. Ndaziona ankamva zonse pazenera la nyumba ya zosoka ija. Anamva mawu a mayi ake, mtima unamuwawa, ndipo anafuula kuti amutsegulire.

Mayi Gomani anatsamira geti ndi msana.

“Satuluka. Kwanu chipatala chili kutali, mtsinje wadzaza. Akabanika kumeneko mumuthandiza ndi chiyani? Ndipo akakupatsirani inuyo, mayi, adzamulerera mwana ndani?”

“Inu munabalapo?” anakuwa mayi a Ndaziona. “Mukudziwa kupweteka kwa mwana inu?”

Onse pageti paja ankadziwa kuti Mayi Gomani analibe mwana.

“Sindinabalepo, mayi,” anayankha motsitsa mawu. “Koma onsewa munandisungitsa ndinu. Mchimwene wanga sindinamuponyere dothi chifukwa cha ana anuwa. Nditukwaneni, koma geti ili silitseguka.”

Ophunzira aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, zikwama zili pamutu. Akanakhala munthu wina pagetipo akanamukankha, koma mayi amene anamvera maliro a mchimwene wake pafoni, ndani akanamugwira? Ndaziona analira tsiku lonse, ndipo anawatemberera Mayi Gomani ndi mawu amene sindingawabwereze pano.

Sipanatenge nthawi, matenda anamugwira zenizeni. Tsiku lina masana, mvula ikugwa ngati ikuchita kukhuthulidwa, mpweya unayamba kumuthawa. Milomo inada, mawu anatha. Namwino anaimbira ambulansi, koma inali itapita kukatenga odwala ena kutali. Anathamanga khomo ndi khomo kunyumba za aphunzitsi. Abale inu, tsiku limenelo galimoto zonse za pakoleji zinadwala! Ina inalibe mafuta, ina tayala linali litaphwa, ina makiyi anasowa mwadzidzidzi. Sindikuwaseka kwambiri ayi, imfa ankaiona ndi maso.

Amene anatulukira anali Bambo Thawale, mphunzitsi wa nyimbo, mkulu wa imvi amene mawu ake akaimba ankamveka mpaka kumsika. Anali ndi matenda a shuga, ndipo adokotala anali atawauza kuti asayandikire munthu aliyense. Ophunzira awo ankawaphunzitsa pafoni.

“Inu ayi, bambo,” anatero namwino. “Tibwerekeni galimoto yokha, tipeza woyendetsa.”

“Chikhochikho changachi chimamvera ine ndekha,” anayankha. “Wina chimuzimira pachitunda choyamba. Kwezani mwanayo.”

Anatsegula mazenera onse kuti mpweya uzidutsa, mvula n'kumawamenya kumaso. Ndaziona anagona kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya namwino, ndipo mantha ankamubanikitsa kuposa matenda. Apo Bambo Thawale anayamba kumulamula monga ankachitira ndi kwaya.

“Mayi Ndaziona, mundimvere ine. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Gwirani. Tulutsani. Eya, bwerezani. Simunandikhumudwitsepo m'kalasi, musayambe lero.”

Njira yonse anayenda choncho, dzanja limodzi pachiwongolero, lina likumenya chitseko kumuwerengera mapumidwe. Pachipatala ananyamula okha wodwalayo, kuthandizana ndi namwino, mpaka pabedi pamene panali makina a mpweya. Adokotala anati akanachedwa pang'ono, kapena akanachokera kumudzi kuja, akanataya mayi ndi mwana yemwe.

Mwana anabadwa masiku asanakwane, wamkazi, wochepa ngati botolo, koma wamoyo. Ndaziona anachira. Bambo Thawale ndi amene anagwa nawo matendawo, ndipo anagona m'chipatala chomwecho nthawi yaitali, anthu atataya kale mtima. Anatuluka, inde, koma mawu aja anatsalira komweko. Lero akayamba nyimbo, ndime yoyamba isanathe amakhala pansi kupuma.

Tsono kwawo kwa Ndaziona mwana sangotchedwa dzina ndi aliyense. Mchombo ukagwa, makolo amasankha munthu mmodzi amene amulemekeza koposa, ndipo iyeyo amanyamula mwana n'kumutcha dzina. Kuyambira pamenepo mwanayo amakhala ngati wakenso, ndipo ubale umenewo sutha. Mchombo wa mwana uyu unagwa kalekale, koma Ndaziona anakana kuti atchedwe mpaka mliri utazizira ndipo Mwatitha, Mayi Gomani ndi Bambo Thawale atatha kufika pakhomo pake. Mwana anayamba kusekerera, anthu akumuitanabe kuti Uje.

Tsiku linafika, atatuwo anabwera, nakhala pamphasa pakhonde. Ndipo mkangano unabuka, osati pakati pa alendowo ayi, koma pakati pa eni nyumba.

Lonjezo anati, “Atche Bambo Thawale. Anaika moyo wawo pamoto anzawo akubisa makiyi. Mpweya umene mwanayu akupuma ndi wawo.”

Mayi a Ndaziona anaweramitsa mutu, chifukwa manyazi a mawu a pageti aja anali asanawachoke. “Atche Mayi Gomani. Ine ndikanamutenga mwana wanga n'kukamuphera kumudzi ndi chikondi changachi. Akanatsegula geti, galimoto ija ikananyamula ndani?”

Ndaziona anayang'ana Mwatitha, amene anali ataonda ndi maganizo a chaka chobwereza. Azakhali anaona maso akewo n'kudumphira. “Ameneyo ayi! Si ndiye anabweretsa matendawo?”

“Bwemba ndinamulira ndine, azakhali,” anayankha Ndaziona. “Iye akanangokhala chete, bwenzi lero ali mphunzitsi, ndipo ine akanandipeza nditauma m'chipinda.”

Alendowo sanathandize konse. Mwatitha anati iye anangokonza chimene anawononga yekha. Bambo Thawale anati, mawu akunong'ona, iwo ndi okalamba, analibe zambiri zoti ataye. Mayi Gomani anati iwo anangogwira ntchito yawo, koma ponena zimenezo maso awo sanachoke pa mwana.

Ndaziona anaimirira, mwana ali m'manja. Anawakonda onse atatu, ndipo mtima unkamupweteka podziwa kuti akapereka mwanayo kwa mmodzi, awiri apita kwawo manja ali lende. Wina anataya chaka ndi abwenzi ponena zoona pamene bodza likanamupulumutsa. Wina analola kudedwa ndi abale ake, ndi ophunzira, ndi Ndaziona yemwe. Wina anapereka mawu ake, chinthu chimene ankadziwika nacho moyo wake wonse. Anayenda mpaka pamphasa paja, nagwada, koma manja anakana kutambasuka.

Mpaka pano akadagwadabe pomwepo, ndipo mwana wayamba kulira. Wotcha dzina amakhala mmodzi, mwana sangakule ali Uje. Ndiye inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni Ndaziona: mwanayu amuike m'manja mwa ndani, mwa Mwatitha, mwa Mayi Gomani, kapena mwa Bambo Thawale?