Zibenthu za Nachisale

Kalekale, ana inu, mitengo itatha paphiri la kwathu, kudali mayi wamasiye dzina lake Nachisale. Nyumba yake idagwa ndi mvula, ndipo ankagona m'chisakasa ndi ana ake awiri. Tsono adaumba njerwa yekha, nagwetsa mtengo wake wa mango umodzi wokhawo, naotcha uvuni. Wachiwiri sakadaotcha, nkhuni kudalibe.

Adaitana mmisiri wotchuka, a Kamtedza. Eee, khoma lawo linkaongoka ngati chingwe! Koma matama, ana inu. Bamboyo sankawerama. Akafuna theka la njerwa, ankaswa yathunthu, khaa, theka linalo n'kuponya kumbuyo.

Tsiku loyamba Nachisale adati, "Bambo, nanga chibenthu ichi?"

"Ine sinditola zapansi, mayi."

Nachisale adawerama, natola.

Tsiku lina msomali udapindika, a Kamtedza n'kuutaya. "Nanga uwu, bambo?"

"Ndanena kale."

Adatolanso, nakauwongola pamwala.

Kachitatu adadula thabwa, chotsala n'kuchikankha ndi phazi. Nachisale sadafunsenso, adangonyamula. Amayi kuchitsime ankafa nacho chiseko. "Uyo akubwera, Nachisale wa zibenthu!" Zinkamupweteka, inde, koma sadasiye.

Tsono mitambo idayamba kuda. Khoma lakumbuyo lidakali m'chiuno, njerwa zidatha psiti. A Kamtedza adapukuta manja. "Mayi, umbani zina. Tidzamaliza chaka chamawa."

Chaka chamawa! Dzinja lonse ana m'chisakasa chodontha?

"Tiyeni kuno, bambo," adatero Nachisale.

Adawatengera kuseri kwa nthochi. Kumeneko zibenthu zidasanjidwa mpaka m'khosi, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha. Pambali padali chitini cha misomali yowongoka ndi mulu wa timatabwa.

A Kamtedza adangoti kukamwa yasa. "Zonsezi zachokera kuti?"

"M'manja mwanu, bambo."

Adayang'ana khoma loperewera, nayang'ana mulu uja. Khoma lomwe ankati likusowa lija lidali pomwepo, adalitaya okha. Manyazi adawagwira. Ndipo mmisiri wosawerama uja adavula chipewa, nawerama, natola chibenthu choyamba.

Adamanga masiku atatu, kulukanitsa zibenthu mosamala kuti khoma ligwirane. Misomali ija idakhoma denga, timatabwa tija tidasanduka mawindo. Mvula itafika, idapeza ana ali m'nyumba. Nachisale adaima pakhomo, manja m'chiuno, kuyang'ana amayi oseka aja akuthamangira pakhonde pake kudzausa. Ndipo adawasunthira mpando, mtima uli mbee.

Ine ndimamunyadira mayi ameneyu, ndipo sindibisa.

Tsono mumve, ana inu. Pomanga, zinthu sizimangotha chifukwa n'zochepa ayi. Zimathera m'manja mwa munthu amene amaona kuwerama ngati manyazi. Muzitola, muzisunga.

Yanga nthano yathera pomwepo.