Chipwaira ndi Matanga a Ngalawa

Kalekale, m'mudzi mwathu muno m'mbali mwa Shire, munali munthu wina dzina lake Chipwaira, agogo a agogo anu. Anali mmisiri woomba nsalu za thonje, nsalu zokhuthala zoti ngakhale minga inkaziopa. Akazi ankapota ulusi, amuna n'kumaomba, mudzi n'kumavala.

Ndiye kunabwera amalonda ochokera kunyanja yamchere, atasenza nsalu za merekani. Zoyera mbee, zofewa, zotsika mtengo. Mukanakhala inu, mukanagula iti? Anthu anathamangira merekani. Zoombera zinayamba kudyedwa ndi chiswe. Achinyamata ankangogulitsa thonje losapota, alendowo n'kumatchula okha mtengo.

Mkangano unabuka mpaka m'banja la Chipwaira momwe. Mkulu wake, Mwandiona, anati, "Mphwanga, titseke doko! Mlendo asapondenso pano."

Mlongo wawo, Nasimango, anayankha, "Mutseke bwanji, achimwene? Singano mudzazitenga kuti? Ana anga avala zofewa koyamba, musawavule."

Chipwaira anangoti, "Nonse mwanena zoona. Koma mtsinje umene wawabweretsa ungandinyamule inenso. Ndipita komwe achokerako."

Anthu anaseka chikhakhali. Kukagulitsa nsalu kwa eni nsalu? Chipwaira anamanga mitolo ya nsalu zake nalowa m'bwato ndi mlamu wake. Anapalasa, anapalasa, anapalasa, kuzemba mvuu, kupirira udzudzu. Mlamu uja anadwala malungo nabwerera. Iye ayi.

Kudoko lalikulu la kumunsi anamunyoza. "Chiguduli chimenechi avale ndani?" Anakhala padokopo, kamba atatha, mitolo ili phee. Kodi inu simukanabwerera? Tsiku lina mphepo yamkuntho inang'amba thanga la ngalawa ina, thanga la merekani, kwee! Mwini ngalawayo anagwira m'mutu, poti katundu wake akanawolera pomwepo.

Chipwaira anamuyandikira. "Bambo, tayesani yangayi. Ikang'ambika, musandipatse kanthu."

Anaisoka, naikweza pamlongoti. Ngalawa inapita, inabwera, inapitanso, thanga lili gwa. Basi, eni ngalawa anayamba kumufunafuna okha.

Chipwaira atabwerera kumudzi, wowonda ngati bango, anaima padoko n'kufuula, "Kumunsi akulirira nsalu zathu!" Mwandiona, yemwe uja ankafuna kutseka doko, ndiye anayamba kudula mitengo ya zoombera zatsopano. Kuyambira pamenepo, wamalonda akabwera kudzafuna thonje ankamuuza kuti, "Thonje latha, ilipo ndi nsalu. Khalani pansi tikambirane."

Lero ndimakumvani mukukangana, wina akuti kaunjika wapha matelala, wina akuti watiphimba umphawi. Kanganani, si mlandu. Koma ife a kwa Chipwaira sitipirikitsa mlendo, komanso sitimugwadira. Chathu timayamba tachisandutsa ndi manja athu, kenako n'kunyamuka kukafuna amene akuchisowa. Ndiye iwe mdzukulu wanga, mtedza wakowo usauperekere pakhomo kwa woyamba kuodira. Uukazinge, uusinje, upite nawo wekha.