Mwendo wa Njinga ya a Mubiana

A Mubiana, mphunzitsi wochokela ku Mongu amene anali kugwila nchito ku Petauke, anali munthu wosafuna kuphunzitsidwa. Mwina choko chinawalowa m'mutu, kaya. Tsiku lomwe anagula chinjinga chamoto kwa a Godwin, amene anayenda nacho mpaka ku Tanzania, bwalo la sukulu linadzaza. Chinali chinjinga cha maulendo aatali: magiya asanu ndi limodzi, injini yozizilitsidwa ndi madzi ngati ya galimoto, tcheni palibe, ndipo kulemela kwake ngati ng'ombe yaikazi.

"Aphunzitsi, khalani pansi ndikuuzeni khalidwe lake," anatelo a Godwin. "Oilo wake ndi wina, mphepo ya m'matayala ili ndi muyeso wake. Ndiponso mwendo woimikilawu..."

"Bambo, ine njinga ndinayamba kuyendetsa inu mukali kusewela m'fumbi," anawadula a Mubiana. A Godwin anangopeleka makiyi n'kumapita.

Loweluka lotsatila a Mubiana anali ndi ulendo waukulu: kukaonekela kwa amalume ake a Tasila, mtsikana amene anali kufuna kukwatila, kwao kwa mtsikanayo ku Ndake. Mwezi wapitawo analephela kufika chifukwa basi inafela panjila, ndipo amalumewo ananenelatu kuti akadzalephelanso, asadzapondenso pakhomopo.

Ku Nyimba anaima kuti atenge nkhoswe yao, a Eustace, munthu wathupi ndithu. A Eustace atakwela kumbuyo, njinga inayamba kupendama. A Mubiana, poopa kugwa pamaso pa anthu, anasiya mwendo woimikila uli pansi, kuti adzaukweze akayamba kuyenda. Analiza injini, inalila bwinobwino. Atangoponda giya, zii! Analizanso. Giya, zii!

"Yatani?" anafunsa a Eustace.

"Kaya! Dzulo inali bwino, ngakhale lelo m'mawa."

Anaikankhila pansi pa mtengo pamene makanika a tinjinga tating'ono amagwilila nchito. Anaiimika pamwendo wake womwewo, n'kuyamba kuyesa. Ikalila, giya, zii. Wina anati ndi mapulagi. Wina anati petulo ali ndi madzi, anaukhuthula wonse. Wachitatu anagwada kufunafuna tcheni, ndipo atalephela kuipeza anadzuka maso ali tong'o. "Aphunzitsi, tcheni yanu inagwa panjila!"

"Ilibe tcheni!"

"Nanga imayenda bwanji?"

Apa ngakhale a Mubiana anayamba kukayika. Mai wina wogulitsa nthochi anati mwina kuchikazi sakuwafuna, anamanga ulendo ndi mankhwala. Thukuta linali kamukamu.

"Mubiana, imbila a Godwin," anatelo a Eustace. "Kapena tiisiye pano, tikwele tinjinga iti."

"Ndikafunse kwa Godwin, andiseke? Ndipo Tasila ndinamulonjeza kuti ndidzafika pa iyi. Masulani, anyamata!"

Anamasuladi. Mpando pansi, thanki pansi, mawaya ali balala ngati matumbo a mbuzi. Dzuwa litapendeka, a Eustace mtima unawapweteka, anazemba kuseli kwa sitolo n'kuimbila okha a Godwin foni.

A Godwin sanachedwe kufunsa. "Mwendo woimikila mwakweza?"

"Mwendo? Uli pansi."

"Ndiye basi! Njingayo anaipanga dala. Mwendo ukakhala pansi, ukaponda giya imazima yokha, kuti munthu asagwe nayo pokhota. Si zimene ndinali kufuna kuwauza zija?"

A Eustace anabwelela pansi pa mtengo n'kufotokoza zimene a Godwin ananena. Kubwezeletsa zomwe anamasula kunatenga nthawi, ndipo zomangila zina zinatsala m'manja mwa makanika osadziwa kwao. Atakweza mwendo n'kuponda giya, njinga inanyamuka ngati sinadwalepo.

Anafika ku Ndake mipando atailowetsa kale m'nyumba. Amalume anali atabwelela kwao ku Nyalugwe. Amene anatuluka ndi Tasila yekha, maso ali ofiila. Chinjingacho sanachiyang'ane n'komwe.

"Amalume akuti munthu amene wanamiza akulu kawili, mkazi adzamunamiza kangati? Ati musavutikenso."

 A Mubiana akanati chiyani? Kuti mkazi wawaphonya chifukwa cha kachitsulo kongokweza ndi chidendene? Zinali zomvetsa chisoni zedi. Anatembenuza njinga, ndipo ulendo uno mwendo anaukweza asanauzidwe.

Akulu sananame ai: safunsa anadya phula.