Sigele ndi Chilombo Chotola Miyendo

Zinachitika masiku amene sukulu ya m'mudzi wa Kamphepo inali pansi pa mkuyu, ana akulemba pamchenga ndi chala. Kumunsi kwa mudziwo kunali mtsinje, ndipo powolokera pake panali lamulo limodzi: munthu asatame miyendo yake ali m'madzi. Madziwo anali makutu a Mtolamiyendo, chilombo cha mitu itatu chokhala kuseri kwa phiri.

Tsiku lina aphunzitsi a Dzimbiri ankaphunzitsa mawu a Chingerezi ofotokoza miyendo. Poti zithunzi analibe, anatenga ana omwewo. Anaimiritsa Malizani, katswiri wa liwiro, nati, "Wa miyendo yaitali ngati uyu timati long-legged." Anaimiritsa mwana wina wamfupi, nati short-legged. Kenaka analoza kumbuyo, kumene kunakhala Sigele, mlongo wake wa Malizani, amene anabadwa ndi matewe.

"Uyu ndiye bow-legged. Nonse nenani."

Onse ananena, onse anaseka, ndi Malizani yemwe. Aphunzitsiwo sanali munthu woipa, kungoti eni miyendo yowongoka saganiza kawiri pa zoterezi. Sigele anakhala pansi mtima ukumuwawa, ndipo mawu atatuwo anamulowa ngati minga.

Poweruka, Malizani anaima pakati pa mtsinje, nadzimenya pantchafu. "Long-legged ndine, wondiposa palibe dziko lino." Madzi anada bii, nazungulira. Anzake atamuvuula, miyendo analibe. Pamene inathera panali posalala, popanda ndi dontho lomwe la magazi.

Sing'anga anati miyendo ikapanda kubwera mwezi usanathe, thupi lidzaiiwala. Amuna ananola mikondo, nakambirana masiku atatu, mikondoyo n'kubwereranso kudenga. Malizani anagona pamphasa atayang'ana kukhoma.

"Achimwene, ndikukaitenga," anatero Sigele.

Malizani sanatembenuke. Amayi awo ndiwo anayankha akulira, "Mwanawe, ndi matewe akowo ukafika kuti?"

"Ndikafika mochedwa, amayi, koma ndikafika."

Anayenda masiku asanu opanda nsapato, mapazi akung'ambika. Masana a tsiku lachisanu anapeza bongololo akupsa pathanthwe, namunyamula ndi kamtengo n'kumuika pamthunzi. Bongololo anadzutsa mutu.

"Anthu amandiponda, iwe wandinyamula. Ukupita kuti ukutsimphina chonchi?"

Sigele anafotokoza zonse.

"Tamvera," anatero bongololo. "Mutu wapakati wa chilombocho unameza mphunzitsi wina kalekale, ndipo kuyambira pamenepo umangoyankhula Chingerezi. Ndiwo umasanja miyendo ndi kuitcha mayina. Miyendoyo inazolowera kumvera aliyense woiitana ndi mayinawo. Za miyendo ndifunse ine, ndili nayo yambiri: mwendo umatsata amene wauitana, ndipo palibe mwendo wosafuna kwawo."

Atatero anadzipinda, nasanduka chibangiri chakuda pamkono pa mtsikanayo. Sigele atafika paphompho lalikulu la kuseri kwa phiri, chibangiricho chinatambasuka n'kukhala mlatho. Sigele anawoloka, mlatho unatsala pomwepo kumudikira.

Phanga la chilombo linali lalikulu kuposa mudzi wonse. Miyendo inali yopachikidwa iwiriiwiri pamitanda itatu, ngati fodya m'chigafa, ina ikugwedeza zala pang'onopang'ono. Sigele anachita mantha. Mtolamiyendo chinatuluka mumdima, chilibe mwendo wakewake, chikuyendera miyendo khumi ya anthu ena.

"Ndabwerera miyendo ya achimwene anga," anatero Sigele.

Mutu wakumanja unamuyang'ana kumapazi, nuseka. "Yakoyo ndi yokhota, komabe malo ake alipo."

Mutu wakumanzere unati, "Mitu ndife atatu, ndiye tikupatsa mawu atatu. Itana m'chiyankhulo cha mnzathu wapakatiyu, kenaka uloze imene wabwerera. Ukaphonya, yako itsala."

"Long-legged," anatero Sigele.

Mtanda woyamba unagwedezeka. Miyendo yaitali mazanamazana inatsika, nindanda patsogolo pake. Mitu inaseka mpaka misozi, poganiza kuti mwanayo wasokonezeka ndi kuchuluka kwake. Koma Sigele anali atayenda kumbuyo kwa Malizani chibadwire, atanyamula thumba lake, maso ali pansi. Anaiona nthawi yomweyo miyendo ija, wakumanzere ukuponyera phazi kunja pang'ono. Akanatha kuloza n'kumapita. Anayang'ana mitanda inayo, naganizira eni ake ogona pamphasa m'midzi imene sankaidziwa.

"Short-legged."

Yaifupi inatsika, dididi. Mutu wapakati unasiya kuseka, poti unali utazindikira. Unatsegula kukamwa kuti uibweze, koma Sigele anaupambana. Mawu amene anamuchititsa manyazi pansi pa mkuyu anawatchula mokweza, ataimirira nji pamatewe ake.

"Bow-legged!"

Mitanda yonse inatsala mbee. Sigele anawomba m'manja kamodzi, nati, "Wakusungani kuno ndi uyu. Kwanu kukudikira."

Yaifupi inathamangira pansi n'kuchipinga chilombo, chinagwa chagada, ndipo miyendo khumi imene chinkayendera inachithawa. Yaitali inachiponda pamimba, kuponda, kupondanso, phanga lonse likulira ngati mtondo. Yamatewe inakwera pachifuwa, nikoleka makosi atatu aja, poti kukhota kwake kunakwana khosi bwinobwino. Inafinya mpaka mitu yonse inakhala chete. Mtolamiyendo chinaphwa, chinasanduka chikumba chouma, mphepo n'kuchitaya kuphompho.

Sigele anawolokanso mlatho, khamu la miyendo lili pambuyo pake. Mlathowo unasandukanso bongololo, nalowa m'udzu. Pamphambano iliyonse miyendo ina inkapatuka kulowera kwawo. Ina inafika mochedwa ndi zaka zambiri, ndipo inkangolunjika kumanda, n'kugwada pamitumbira ya eni ake. Sigele anaiona, analira, koma sanaime, chifukwa mwezi unali utatsala masiku ochepa.

Tsiku lomaliza la mwezi, dzuwa lili pamutu, anafika powolokera paja mapazi akuchucha magazi. Mphamvu zinamuthera, anakhala pansi tsidya lina la mtsinje. Miyendo iwiri yotsala, ya Malizani ija, inamuyembekezera.

"Pitani, musandidikire," anatero.

Inathamanga yokha kulowa m'mudzi. Posakhalitsa nthungululu zinamveka, ng'oma zinalira, anthu anakhamukira kumtsinje akutchula dzina la Sigele. Patsogolo pa onse panali Malizani, akubwera wapansi ndi miyendo yake. Anawoloka madzi, nagwada pamaso pa mlongo wake, nayang'ana mapazi ong'ambikawo nthawi yaitali.

"Chemwali, ndinakulakwira," anatero. "Kwera kumsana."

Ulendo woyamba umene miyendo ija inayenda ndi mwini wake unali womubereka Sigele kupita naye kunyumba, mudzi wonse ukutsatira pambuyo. Ine ndaitula pano nkhaniyi, wofuna aitole.