Mabwato a pa Doko la Namilonga

Kalekale, pa doko la mtsinje wa Namilonga panali bwato limodzi lokha lowolotsa anthu. Chipatala chinali tsidya lina, msika unalinso tsidya lina, koma khonsolo inapereka chiphaso kwa munthu mmodzi, bambo Tembenu. Abale inu, munthu ameneyu anativutitsa! Mtengo ankatchula mmene wadzukira, ndipo bwato lisanadzaze sankagwira nkhafi, ngakhale mulire bwanji.

M'mudzi wa pafupi ndi dokolo munali mayi wina dzina lake Esinati, yemwe anali ndi alongo ake atatu: Alufandika, Lufeyo ndi Zuze.

Alufandika, woyamba kubadwa, anali wogulitsa tomato, munthu wapakamwa kwabasi. Tomato wake ataolera padoko akudikira Tembenu, anapita kukhonsolo. Anamubweza, anapitanso. Anamutukwana, anabwerera ndi amayi onse amumsika. "Mtsinjewu anakumba ndi Tembenu kodi?" anafunsa. "Aliyense amene ali ndi bwato awolotse anthu, wokwera asankhe yekha." Akuluakulu aja atatopa ndi phokoso lake anachotsa lamulolo. Mabwato anachuluka, mtengo unatsika, ndipo opalasa anayamba kuitanira anthu mwaulemu ngati akufunsira mbeta.

Koma si mabwato onse anali mabwato. Ena anali zipika zofumbwa, ming'alu atatseka ndi nsanza ndi phula. Apa ndi pamene analowerera Lufeyo, wachiwiri, amene ankatolera msonkho wa khonsolo padokopo. Ameneyu anthu sankamukonda, ndipo inenso ndikanakhala wopalasa sindikanamupatsa moni. Iye anapempha kuti bwato lowola azililetsa, koma khonsolo inakana, inati lamulo langochotsedwa kumene. Inangomulola kuyendera mabwato a amene alipira msonkho. Ankagogoda thabwa lililonse ndi mwala, kulowetsa mpeni m'ming'alu, ndipo bwato lolimba ankalipaka penti woyera kumphuno. Pentiyo ankagula ndi msonkho womwewo. Alufandika anakwiya nazo. "Ife tamasula chingwe, iwe ukumanganso?" Lufeyo anangoti, "Sindinaletse munthu, achimwene. Ndangopaka penti."

Nanga Zuze, wotsiriza? Ha, ameneyu anali wouma manja osati masewera. Chiyambire sanakwerepo bwato la penti, ati amenewo amaika msonkho wa Lufeyo pamtengo. Ankakwera lotsika mtengo, n'kumakapa madzi ndi chipewa chake mpaka tsidya.

Tsono inafika nyengo ya mvula, mtsinje unadzaza mpaka m'mabango. Esinati anali woyembekezera, mwamuna wake ali kutali kuntchito. Matenda atayamba, mwana anakana kutuluka, ndipo mzamba anatuluka m'nyumba thukuta lili kamukamu. "Apa pandikanika. Thamangani naye kuchipatala, apo ayi titaya onse awiri." Alufandika anali kumsika, Lufeyo anali kuboma. Pakhomo panali Zuze yekha. Anamukweza mlongo wake panjinga, mzamba atamugwirira kumbuyo, n'kukankha mpaka padoko dzuwa lili paliwombo.

Padokopo anapeza mabwato atatu. La Tembenu linali ndi penti, koma mwini wake anali gone pamthunzi. "Dikirani lidzaze," anatero, osatsegula n'komwe maso. Lachiwiri linali lopanda penti, lomwe Zuze ankakwera masiku onse, litapakira kale matumba a chimanga. "Bwera, kasitomala wanga," anaitana wopalasa, "ndikunyamuka pompano, odwalawo akwera ulere." Lachitatu linali la penti, lopanda munthu, ndipo mwini wake anati ndi madzi otere sangawoloke pokhapokha alipidwe za bwato lonse.

Ulere! Kwa Zuze mawu amenewo anali ngati uchi. Anayang'ana bwato lozolowera lija, anayang'ana madzi, anayang'ana mlongo wake akuluma chitenje ndi ululu. M'thumba munalibe zokwanira. Anagwira njinga yake, imene sankabwereka ngakhale m'busa wa mpingo, n'kuikankhira kwa wa bwato lachitatu. "Tengani iyi. Tiyeni."

Ali pakati pa mtsinje anamva phwaa kumbuyo. Bwato lopanda penti lija linali litang'ambika pamimba. Wopalasa anasambira n'kugwira bango, anapulumuka, koma chimanga chonse chinapita ndi madzi. Zuze anangokhala pansi m'bwatomo atagwira mutu.

Kuchipatala anafika nthawi idakalipo. Esinati anachira, mwana wamkazi, wonenepa bwino, wolira ngati tambala. Abale, mmene mitima inakhalira pansi tsiku limenelo! Amayi amene anali pachipatalapo analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo Alufandika anagawa tomato wake yense kwa odwala.

Mchombo utagwa, mwana anatuluka m'chikuta, ndipo inakwana nthawi yomutcha dzina. Bambo wa mwanayo, atabwera kuchokera kuntchito, anati ulemu umenewo upite kwa malume amene anapulumutsa mkazi wake. Mpamene panavuta.

"Popanda ine padoko pakanakhala Tembenu yekha," anatero Alufandika, "ndipo mpaka lero mukanakhala mukudikira kuti lidzaze."

"Mabwato anu ochulukawo limodzi lili pansi pa madzi," anayankha Lufeyo. "Zuze anadziwira chiyani lolimba, si penti wanga, wa msonkho womwe mumautukwanawo?"

Zuze anati, "Penti sanyamula wodwala, achimwene. Mabwato analipo, penti analipo, koma wosankha ndinali ine. Onani, pano ndikuyenda wapansi."

Esinati anawayang'ana onse atatu, mwana ali kubere. "Achimwene, ndikukuthokozani nonse. Koma mwana wanga tizimuitana kuti 'iwe' mpaka liti?"

Mwanayo akuyamwa, akukula, dzina alibe. Tsono inu mwamva nkhani yonse, ndiuzeni: mwa amene anatsegula doko, amene anapaka penti, ndi amene anasankha bwato, atche dzina ndani?